Foloko ya Jairos Mhone

Anthu opusa ndawaona ambiri pa moyo wanga, ena a ndevu zoyera, ena a mayunifolomu, koma chitsiru chovala bwino ngati Jairos Mhone sindinakumane nachonso. Uchitsiru wakewo ukanakhala kuti unkapweteka mwini wake yekha, bwenzi ndikuusimba moseka. Koma unagwera munthu wina, mkazi wake Rhoda NyaLongwe, ndipo n'chifukwa chake ndikamukumbuka bamboyu mtima umandinyansabe mpaka lero.

Ine ndine Levison, wa ku Ntcheu. Ndinafika ku Chintheche nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, kudzagwira ntchito ya ukalaliki pa Boma. Masiku amenewo maofesi a dera lonselo anali pomwepo, ndipo kamsewu kochokera ku maofesi kutsikira kunyanja kankasintha nkhope mwezi ndi mwezi. Pamene panali munda wa chinangwa unkapeza pamera sitolo ya Mmwenye. Pamene ankayanika usipa unkapeza telala waika makina ake. Asilikali ochokera kunkhondo, matchona ochokera ku Halale ndi ku Joni, anthu a milandu, odzadula msonkho, onse ankadutsa m'kamsewuko, ndipo onse ankafika ndi njala.

Woyamba kuiona njala imeneyo anali Jobe Kamanga. Anamanga kanyumba ka zidina kofolera udzu, n'kuikamo matebulo awiri ndi mabenchi, n'kulemba ndi makala pamwamba pa chitseko kuti Hotela. Ife tinkangoti kwa Jobe. M'mawa munkakhala tiyi wa mkaka wa m'chitini ndi masikono ouma oti utagenda nawo galu akhoza kutsimphina sabata yonse. Masana munkakhala mpunga ndi nyama ya mbuzi, mbuzi zake zimene zinkaoneka kuti zinafa zokha ndi ukalamba. Tinkadya ndithu, nanga tikanatani?

Kwa eni dera, kugula chakudya chophikaphika inali nkhani yoseketsa. Kumudzi amuna ankadyera limodzi pa mphala, nyumba iliyonse n'kutumizako mbale yake ya kondowole, nsima ya chinangwa, ndi ndiwo, ndipo wapaulendo akafika ankangosamba m'manja n'kukhala pansi. Choncho odya kwa Jobe ankatitcha anthu opanda moto. Sankanama. Tinali makalaliki osakwatira, amesenjala ochokera kutali, ndi anthu oti usiku wawapeza pa njira. Munthu wokhala ndi mkazi ndi khomo lake pafupi sankaponda m'menemo, kupatula Jairos.

Jairos anabadwira m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja, ulendo waufupi pa njinga kuchokera pa Boma. Sukulu ya mishoni anaiyamba ngati anzake onse, koma anaisiyira panjira atangodziwa kulemba dzina lake ndi kunena gudu moningi. Bambo ake anali msodzi wodziwika, mwini khoka lalikulu la chilimira, koma mwanayu ankati nkhafi imatupitsa manja. Anakwatira Rhoda, mtsikana wa ku Tukombo, ukwati wa m'tchalitchi, ndipo mvula ya chaka chomwecho isanathe anamanga kamtolo kake n'kulowera kumwera wapansi pamodzi ndi anyamata anzake. Anakathera ku Bulawayo.

Kumeneko anayamba ndi kutsuka mbale m'hotela ya Azungu. Patapita zaka anamukweza n'kumupatsa jekete yoyera, kuti azinyamula supu kuchokera kukhitchini kupita patebulo. Ntchitoyo sindikuinyoza, Atonga ambiri anamanga nayo nyumba za malata ndi kuphunzitsa ana. Koma Jairos ataima kumbuyo kwa mipando ya Azungu zaka zoposa khumi, kuwayang'ana mmene amagwirira mpeni ndi foloko, anayamba kuganiza kuti nayenso ndi mmodzi wa odyawo, kungoti mpando wake sunafikebe.

Zaka zonsezo Rhoda anali kumudzi kwa mwamuna wake. Nyanja itakwera n'kumeza munda wa m'munsi, anakaswa wina kumtunda yekha. Apongozi ake aakazi atadwala chifuwa, anawasamala mpaka kuwatseka maso. Denga likadontha ankamweta udzu yekha n'kukapempha alamu ake kuti amufolerere. Lachisanu lililonse ankapita ku msonkhano wa amayi a mpingo, nsalu yake yoyera kumutu. Amuna a m'mudzi omwe anayesapo kumuponyera mawu, ndipo analipo, ankabwerako ndi manyazi. Makalata a Jairos ankabwera mwa apo ndi apo, kenako anasiyiratu, koma mayiyu sanasunthe.

Ndiye tsiku lina mtchona uja anatulukira, pa lole, ndi bokosi lachitsulo, njinga yatsopano, chipewa, ndi jekete yoyera ija. Mudzi wonse unasonkhana, nthungululu mpaka kunyanja.

Apa ndiyenera kufotokoza nkhani ya mchere, chifukwa zonse zagona pamenepo. Kwathu ku Ntcheu timati mdulo. Atonga ali ndi katchulidwe kawo, koma mantha ake ndi omwewo. Mkazi amene wagona ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake n'kudya, amati mwamunayo amadulika, amatupa miyendo, amatsokomola, mwina kufa kumene. Choncho mkazi wodziwa kuti m'manja mwake si moyera sathira yekha mchere, amaitana mwana kuti amuthirire. Kaya zimenezi n'zoona kaya ayi, a m'tchalitchi ndi akunja omwe ankaziopa mofanana. Mtchona akabwera, chakudya choyamba chinkakhala ngati mlandu wopanda mawu. Mkazi ankathira mchere ndi dzanja lake, azakhali a mwamuna akuona. Mwamuna akadya, ndiye kuti zaka zonse zapitazo zatsekedwa, palibe wolankhulanso.

Rhoda anachita zonse mwa dongosolo lake. Anasankha chinangwa chovikidwa bwino, n'kuchisinja ufa wake kuchita kuti mbee. Anapeza batala wonona, nsomba imene kumeneko amaphikira munthu wofunika. Mchere anathira yekha, azakhali awiri atakhala pakhomo la khitchini maso ali tong'o. Mbale zinapita ku mphala, amuna anasamba m'manja, n'kudikira kuti mwini ulendo ayambe.

Jairos anavundukula mbale, n'kukwinya mphuno. Anati mimba yake inazolowera buledi ndi mbatata ya kachewere, kondowole angamutseke m'mimba, komanso kafungo kake kamamuzunguza mutu. Anafunsa ngati pa Boma pali malo amene munthu angadye atakhala pa mpando. Wina anamuuza za kwa Jobe. Jairos anadzuka, n'kukwera njinga, kusiya amuna a mudzi wonse manja ali onyowa.

Umu ndi mmene ndinamuonera koyamba. Analowa atavala jekete yoyera ndi tayi, dzuwa la Okotobala likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu. Anapukuta benchi ndi kansalu, n'kutulutsa m'thumba mpeni ndi foloko zokulunga m'pepala. Pa chogwirira chake panali chizindikiro cha hotela ya ku Bulawayo, ndipo mmene zinachokera kumeneko sitinafunse. Kansalu kaja anakakoloweka pakhosi ngati mwana wa dovu. Kenako anawomba m'manja n'kufuula kuti, "Weta!"

Jobe, bambo wamkulu kuposa iye, anatuluka m'khitchini akupukuta manja pa kabudula. "Timuwoneni, ada Mhone. Mwafika liti?"

"Menyu ili kuti?"

"Kuli mpunga, ada."

"Ndi chiyani china?"

"Ndi mbuzi."

Kuyambira tsiku limenelo Jairos sanajombe. M'mawa tiyi, masana mpunga, madzulo masikono otsala ankawakulunga n'kupita nawo kunyumba. Mpunga ankaudya ndi foloko yotembenuza, kuukankhira pamsana pake ndi mpeni, njere zitatu zinayi pa ulendo umodzi, ife titamaliza kale n'kumatokosa m'mano. Nyama ya mbuzi ya Jobe, imene ife tinkalimbana nayo ndi manja awiri ndi mano, iye ankaicheka mwaulemu mpaka mbale kuterereka. Tsiku lina fupa linathawa n'kukagwera pa miyendo ya mesenjala, iye n'kunena kuti sole, vuto ndi mbale za kuno.

Ankaphunzitsa Jobe kuti mbale imaperekedwa kuchokera kumanzere. Ankatiuza mmene Azungu amamwera supu osamveka phokoso, mmene amaitanirana pa Khirisimasi, dzina la galu wa manijala wake. Makalaliki achinyamata ankamukonda chifukwa ankawaseketsa, ndipo ankamuputa dala kuti, "A Mhone, tatiuzeninso za supuni ya pudini." Iye osadziwa kuti akumuseka, ankaona ngati wapeza anthu a msinkhu wake. Chimene ankafuna pa moyo wake wonse chinali chimenechi basi, kukhala pa mpando wina n'kumubweretsera mbale, anthu ovala nsapato akuona.

Uku kumudzi mbale ya Rhoda inkapita ku mphala tsiku ndi tsiku, n'kumabwerako mwini wake osaikhudza. Sabata yoyamba anthu anati ndi matama a utchona, atha. Mwezi utatha anayamba kuyang'anana. Munthu angakane kondowole, inde, koma ndiwo? Angakane ndiwo za mkazi wake mwezi wathunthu, n'kumapalasa njinga pa dzuwa kukagula chakudya kwa mwamuna mnzake? Azakhali aja anati mwana wathu si wopusa, wamva kanthu ali ku Bulawayo, akuopa kudulika. Ku Bulawayo kunali Atonga ambiri, ndipo nkhani za kumudzi zinkafika kumeneko msanga kuposa makalata.

Manong'onong'o sasowa miyendo. Pa dziwe lovikapo chinangwa, Rhoda akafika amayi ankasintha nkhani. Ena anayamba kutchula maina, wina akuti mphunzitsi amene anasamuka, wina akuti mlamu amene ankafolera denga uja. Amuna a pa mphala nawo anayamba kuilambalala mbale yake, ati mwini wake akuiopa, ife ndife yani? Mapeto ake akulu a mpingo anamuitana n'kumuuza mwaulemu kuti ayambe waima kaye pa mgonero mpaka nkhani ya m'nyumba mwake imveke bwino. Mayi amene anadikira zaka zonse zija anakhala pa benchi ya kumbuyo Lamulungu, anzake akulandira mkate.

Zimenezi ndinazimva kwa Jobe, amene mkazi wake anali wa mudzi womwewo. Zinandipsetsa mtima kwambiri, moti tsiku lotsatira ndinakhala dala moyang'anana ndi Jairos.

"A Mhone," ndinatero, "wakutsina khutu ndi mnansi. Kodi mukudziwa zimene anthu akunena za akazi anu?"

"Anthu a kumudzi amalankhula, Misitala Levison. Ntchito yawo ndi imeneyo."

"Akuti mukuopa mchere wawo. Awaimitsa mgonero."

Anaseka mpaka kuika foloko pansi. "Mchere! Inu munthu wophunzira mukukhulupirira zimenezo? NyaLongwe ndi mkazi wabwino, alibe mlandu uliwonse. Ine kungoti zakudya zimenezija ndinazisiya."

"Ndiye kadyeni kamodzi kokha pa mphala. Mbamu imodzi, anthu aone."

"Ndikadya kamodzi adzafuna kawiri. Munthu ukakwera sutsikanso, Misitala Levison." Anatero akutola njere ya mpunga pa tayi.

Ndinamuyang'ana ndithu, kufuna kuona ngati pali nkhanza imene akubisa. Munalibe. Nkhanza ndikanaimvetsa. Munthu uyu m'mutu mwake munali tebulo ndi nsalu yoyera, china chilichonse chinalibe pokhala.

Rhoda anabwera tsiku la milandu, pamene kwa Jobe kunkadzaza mpaka ena kudyera panja. Ndinamuona akutsika kamsewu kaja, mayi wamtali wowonda, dengu pamutu, kumbuyo kwake kukubwera mchimwene wake Yakobe, amene anayenda kuchokera ku Tukombo atamva za mgonero. Mkazi wa kumudzi sankalowa m'nyumba yodyera. Iye analowa.

Anagwada pafupi ndi tebulo la mwamuna wake, n'kutula dengu. Anatulutsa mbale ya kondowole, kamphika ka usipa wophika ndi matimati, ndi kachigoba ka mchere. Analankhula m'Chitonga, koma pang'onopang'ono, moti ngakhale ine ndinamva liwu lililonse.

"Ada, popeza kunyumba simudya, ndabwera nacho kuno kumene mumadya. Ndiwozi sindinathire mchere. Ndithira pano, anthu onsewa aone dzanja langa."

Anatapa mchere ndi zala, n'kuwaza mumphika, n'kutakasa.

"Ngati muli ndi mawu pa ine, nenani pano, mlongo wanga ali apayu. Ngati mulibe, idyani."

Jobe, amene sanali wopusa, anathamanga n'kubweretsa beseni la madzi osamba m'manja, n'kuliika pambali pa Jairos. Zonse zinali zokonzeka. Chimene chinatsala chinali kuviika dzanja m'madzi, kutema mbamu, kusunsa, kumeza. Mwana wa zaka zitatu amatha zimenezi. Dzina la mkazi wake, mpando wake m'tchalitchi, zaka zake zonse za kudikira, zonse zinali pa mbamu imodziyo.

Jairos anayang'ana beseni, n'kuyang'ana makalaliki. Anyamata aja anali atasiya kudya, akumwetulira, kudikira kuti aone bwana wa supuni ya pudini akunyambita zala. Ndinaona nkhope yake ikufunafuna njira yoti akhutitse mkazi wake popanda kutsika pamaso pa anyamatawo. Ndipo njira anaipeza, njira yoti chitsiru chokha n'chimene chingaipeze. Anakankha beseni, n'kutenga mpeni ndi foloko.

Amene anadyapo kondowole akudziwa kuti si chakudya chochita nacho masewera. Amamata ngati ulimbo. Jairos anabaya foloko, n'kuyesa kucheka. Mpeni unalowa koma sunatuluke. Anakoka foloko, mtanda wonse unanyamuka pamodzi ndi mbale. Anagwedeza, mbale inagwa pa tebulo, kondowole n'kutsala lende pa foloko, akutamuka pang'onopang'ono mpaka kukatera pa jekete yoyera ija.

Nyumba yonse inaphulika. Makalaliki anagwira m'mimba, amesenjala anamenya matebulo, a panja anaunjikana pa zenera. Mmodzi anakuwa kuti, "Weta! Bweretsa sowo!" Amene sanaseke anali Jobe, Yakobe, ine, ndi mayi amene anali chigwadire pansi.

Jairos anaimirira, akupala jekete ndi mpeni. Ndiwo zija anali asanazilawe. Akanatha ngakhale pamenepo kutola kausipa kamodzi ndi zala n'kuponya m'kamwa, nkhani ikanathera pompo. Koma iye ankangomva kuseka. Anakankha kamphika kaja ndi kumbuyo kwa dzanja n'kukalipa kuti, "Chotsa zinthu zakozi! Wandichititsa manyazi pa anthu. Sindingadye zimenezi ine!"

Kuseka kunaduka. Anthu a milandu amene anali m'menemo anali ochokera m'midzi yonse, kuyambira ku Kande mpaka ku Mpamba, ndipo onse anamva chinthu chimodzi, kuti mwamuna wakana mchere wa mkazi wake pa gulu, mlongo wa mkaziyo ali pomwepo.

Rhoda anatola mbale yake, n'kuvundikira kamphika, n'kuika zonse m'dengu. "Yewo, ada," anatero. Yakobe anamusenzetsa dengu, n'kutuluka naye.

Akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi sabata yotsatira. Jobe anapitako ndipo anandiuza zonse. Yakobe anafunsa funso limodzi, kuti mlamu atchule mwamuna amene akumuganizira. Apa Jairos, ataona kuti zinthu zafika poipa, ananena zoona zokhazokha. Anati palibe mwamuna aliyense, sanamvepo kanthu ku Bulawayo, mkazi wake ndi woyera ngati mwezi. Anati iye kungoti kondowole amamunyansa, ndipo kudya ndi manja pamaso pa makalaliki sakanatha.

Palibe anamukhulupirira. Ndipo ndani akanakhulupirira? Akuluakulu aja anali anthu anzeru zawo, ndipo nzeru zawozo zinawauza kuti kulibe mwamuna pa dziko lapansi amene angataye mkazi wotere chifukwa cha foloko. Anati pali chimene akubisa. Azakhali ake analira, ati taonani mtima wa mwana wathu, mkazi wamulakwira koma iye akumuphimba, akudzisandutsa chitsiru kuti mnzake asayaluke. Mkulu wina wa mpingo anamuyamikira pa gulu chifukwa cha chifundo chake. Jairos atamva akumutama, anaweramitsa mutu mwaulemu n'kusiya kutsutsa. Kutamidwa sankatha kukukana, ngakhale kukhale kwa bodza.

Rhoda sanadikire kuti amuthamangitse. Anamanga nsalu zake ndi miphika iwiri n'kubwerera ku Tukombo ndi mchimwene wake. Munda umene anaswa yekha unatsala kwa a Mhone.

Sipanapite zaka zambiri, Boma linasamukira ku Nkhata Bay, kumene sitima zinkakocheza bwino. Tinanyamula mafaelo ndi mipando pa malole, ndipo kamsewu kaja kanayamba kufota tikuona. Amwenye ena anatseka masitolo n'kutilondola. Telala anapita. Makalaliki onse amene ankaseka nthabwala za Jairos anapita osamutsanzika n'komwe. Iye anatsala ndi jekete yake, ndalama za ku Bulawayo zitatha, njinga atagulitsa. Kubwerera ku Halale sakanatha, maso anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo hotela sizilemba weta wokalamba. Akazi awiri amene anawafunsira anamukana, osati chifukwa cha Rhoda, koma chifukwa analibe bwato kapena munda wolima yekha.

Ndinadutsanso ku Chintheche patapita zaka zingapo, pa lole ya katundu, ndikupita kwathu ku tchuthi nthawi ya chilimwe. Nyumba ya Jobe inalipobe, koma mawu aja a Hotela anali atafufutika ndi mvula. Tiyi wa mkaka ndi mpunga zinatha ndi makalaliki. Tsopano odya anali madalaivala, anyamata okonza msewu, ndi ogula usipa ochokera kumapiri, ndipo anthu amenewo ankafuna chakudya chokhala m'mimba. Jobe ankagulitsa kondowole ndi usipa, basi. Tebulo limodzi anali atalisandutsa nkhuni, anthu ankadyera pa mkeka.

Pakona, pansi, panakhala nkhalamba ya jekete yotuwa yong'ambika m'zigongono. Inali itagwira mbamu yaikulu ngati chibakera, ikusunsa mumsuzi, msuzi ukutsika m'dzanja mpaka m'kono, iyo n'kumaunyambita. Jobe anandinong'oneza kuti amamupatsa zotsala akamutungira madzi.

"Misitala Levison!" anatero Jairos atandizindikira mawu. "Khalani pansi, sambani m'manja. Kondowole wa kwathu kuno alibe mnzake, ndikukuuzani. Ku Bulawayo konse simungamupeze."

Sindinakhale. Ndikanakhala ndikanamumenya ndi mbale, nkhalamba yosaona bwino, ndipo bwenzi wolakwa ndili ine. Ndinamufunsa ngati anapitako ku Tukombo.

"Kukatani?" anafunsa, ali m'kamwa tho. "Zija zinatha kale. Ine ndinamukhululukira."

Lole yathu inafika ku Tukombo dzuwa litapendeka, ndipo dalaivala anaima kuti athire madzi m'injini. Ndinafunsa nyumba ya Yakobe Longwe, n'kuipeza pafupi ndi msewu. Yakobe anandikumbuka, n'kundiyalira mphasa. Rhoda anabwera kudzandipatsa moni, atakalamba kuposa zaka zake, koma msana uli chilili monga kale. Anali asanakwatiwenso. Yakobe anandiuza kuti mpingo wa kumeneko unamubwezera pa mgonero patapita nthawi, popeza panalibe mboni, koma anthu ndi anthu, nkhani inabwera naye ndipo inakhala.

Anati sindingapite osalawa kanthu. Khitchini inali pafupi, ndipo ndinkamuona Rhoda akusenda matimati, akukoleza moto, akuika nsomba mumphika. Zonse ankachita yekha, mwachangu, monga munthu amene waphikira nyumba imeneyo zaka zambiri. Mphika utawira anatenga chigoba cha mchere, n'kuima nacho. Kenako anasuzumira panja n'kuitana kamdzukulu ka Yakobe kamene kankasewera pa mchenga. Kamwanako kanabwera, n'kutapa mchere ndi timanja take tafumbi, n'kuthira mumphika, n'kuthamangira kukasewera. Zinkaoneka kuti kanazolowera.

Ndinalephera kudzigwira. "Amama," ndinatero, "ine ndinalipo tsiku lija kwa Jobe. Ndikudziwa kuti munalibe mlandu. Mwamuna wanu anandiuza ndi pakamwa pake. Bwanji simuthira nokha?"

Anatakasa mphika, osandiyang'ana.

"Inu mukudziwa, ada, ndipo ine ndikudziwa," anatero. "Koma m'nyumba muno muli ana a eni ake. Wina akadzangotsokomola, adzati ndani anathira mchere?"